Mbiri ya ngongole ikugamula za nyumba yoyamba ya ogwira ntchito m'boma

NAMITETE, Lilongwe: Aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi apolisi omwe akugwira ntchito m'madera a Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu m'boma la Lilongwe, akafuna ngongole yogulira kapena kumangira nyumba yawo yoyamba, amayamba aunikidwa momwe akhala akubwezera ngongole zina banki isanayang'ane n'komwe mapulani a nyumbayo.

Kuunikaku kumachitika kudzera m'mabungwe osunga mbiri ya ngongole, omwe amagwira ntchito potsata lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'chaka cha 2010 ndi kulikonzanso mu 2016. Zotsatira zake n'zakuti tsogolo la pempho la ngongole ya nyumba limakhala litayamba kale kulembedwa zaka zingapo m'mbuyo, panthawi yomwe wopemphayo ankatenga tingongole ting'onoting'ono ta feteleza, fizi ya ana kapena njinga yamoto.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ogwira ntchito m'boma kaamba koti ambiri mwa iwo amakhala m'nyumba za pamalo a ntchito kapena za lendi, ndipo tsiku lopuma pantchito likafika amayenera kutulukamo. Ndi yofunikanso kwa akuluakulu a m'maofesi a malipiro, a za malo ndi a kalembera, chifukwa ntchito ya manja awo ndiyo imasanduka mbiri yomwe banki imawerenga.

Momwe lamuloli lidafikira pano

Kwa zaka zambiri, ngongole ya nyumba m'dziko muno inkadziwika ndi dzina limodzi, la New Building Society, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe bungwe lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation lidabadwanso. Mu 2004 bungweli lidasanduka banki ya NBS, ndipo kuchokera nthawiyo mabanki ena akhala akupereka nawo ngongole zamtunduwu.

M'masiku amenewo banki inkadziwa za kasitomala wake yekha. Munthu ankatha kulephera kubweza ngongole ku banki ina, n'kuoloka msewu kukatenga ina kwa obwereketsa ena popanda womufunsa. Mabanki ankabwezera chiopsezo chimenechi pa aliyense, wokhulupirika ndi wosakhulupirika yemwe, pokweza chiwongoladzanja ndi kufuna chikole chachikulu.

Pofuna kuthana ndi vutoli, aphungu adavomereza lamulo la Credit Reference Bureau Act mu 2010, chaka chomwe adavomerezanso malamulo a Financial Services Act ndi Microfinance Act. Udindo wopereka ziphaso ndi kuyang'anira mabungwe osunga mbiri ya ngongole udaperekedwa kwa mlembi wamkulu wa mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve. Mabungwe omwe adalandira ziphaso ndi Credit Data CRB komanso CRB Africa, yomwe pambuyo pake idayamba kudziwika ndi dzina la TransUnion.

Koma ntchito siidayende msanga. Mabanki ankazengereza kupereka mbiri ya makasitomala awo ponena kuti ali ndi udindo wosunga chinsinsi. Ichi n'chifukwa chake lamuloli lidakonzedwanso mu 2016, kuti kupereka mbiriyo kukhale kokakamiza osati kodzifunira.

Chopinga china chidali chakuti padalibe njira yodalirika yosiyanitsira anthu. M'dera la mfumu yaikulu Kalolo mokha, anthu otchedwa Banda kapena Phiri okhala ndi dzina loyamba lofanana ngosawerengeka. Kalembera wa chitupa cha unzika yemwe bungwe la National Registration Bureau lidachititsa mu 2017, momwe anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa, ndiye adapereka nambala imodzi yomwe imamanga pamodzi ngongole zonse za munthu, kulikonse komwe adazitenga.

Zomwe banki imaona

Wogwira ntchito akasayina fomu yopemphera ngongole, nthawi zambiri mkati mwa fomuyo mumakhala ndime yopatsa wobwereketsa chilolezo chofufuza mbiri yake. Anthu ambiri amasayina osaiwerenga ndimeyi.

Lipoti lomwe limatuluka limaonetsa ngongole zomwe munthu ali nazo ndi zomwe adamaliza, ndalama zomwe adatenga, zomwe zatsala, komanso ngati ankabweza panthawi yake kapena ankachedwa, ndi kutalika kwa nthawi yomwe adachedwa. Malipoti amtunduwu amathanso kuonetsa macheke omwe adabwerera kaamba kosowa ndalama, zigamulo za makhothi pa nkhani za ngongole ndi ngongole za ena zomwe munthuyo adaziikira kumbuyo.

Bungwe losunga mbiri silivomereza kapena kukana ngongole. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa zomwe obwereketsa atumiza ndi kuzipereka kwa amene ali ndi chilolezo chozifunsa. Chigamulo chimakhala m'manja mwa banki. N'chifukwa chake mawu omwe afala akuti munthu "waikidwa m'buku la anthu oipa" safotokoza bwino zomwe zimachitika. Mbiri imalemba zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo munthu yemwe wakhala akubweza mokhulupirika amapindula nayo.

Pa ngongole ya nyumba, banki imawerenga mbiriyi mosamala kuposa pa ngongole ina iliyonse. Ngongole ya fizi imatha m'miyezi yochepa, pomwe ya nyumba imatenga zaka 10, 15 kapena kuposera apo, ndipo ndalama zake n'zambiri. Kwa munthu yemwe akupempha koyamba, banki ilibe nyumba ina yomwe idamuona akulipira. Umboni wokhawo wa khalidwe lake ndi tingongole tam'mbuyo.

Kufufuzidwa nako kumasiya phazi

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti kufufuza mbiri nako kumalembedwa. Mabungwe osunga mbiri ya ngongole amasunga ndandanda wa obwereketsa omwe adafunsa za munthu ndi tsiku lomwe adafunsa, ndipo wobwereketsa wotsatira amatha kuona kuti ena adadutsapo kale.

M'maiko momwe ntchitoyi idakhazikika kalekale, monga ku Britain komwe kuli mabungwe a Experian, Equifax ndi TransUnion, kufufuza kudagawidwa pawiri. Pali kufufuza kopepuka, komwe kumachitika munthu akamadziunika yekha kapena akangofuna kudziwa ngati angayenere ngongole, ndipo obwereketsa ena sakuona. Palinso kufufuza kozama, komwe kumachitika munthu akapereka pempho lenileni. Kumeneku kumaoneka kwa obwereketsa ena kwa pafupifupi chaka chimodzi. Alangizi a zachuma kumeneko amauza ofuna nyumba yoyamba kuti apewe kupempha ngongole zatsopano m'miyezi yoyandikira pempho lawo lalikulu.

Maganizo omwe ali kuseri kwa langizoli ndi omwewo kulikonse. Wounika pempho akaona kuti munthu wagogoda pa makomo asanu a obwereketsa m'miyezi iwiri, amadzifunsa mafunso awiri. Loyamba n'lakuti kodi munthuyu wapanikizika ndi chiyani kuti azisaka ndalama chonchi. Lachiwiri n'lakuti ngati makomo onsewo sadamutsegulire, adaona chiyani, ndipo ngati adamutsegulira, kodi ngongolezo zili kuti poti mwina sizidayambe kuoneka m'mbiri.

Apa ndi pomwe wogwira ntchito wa kumudzi amagwa m'mbuna mosadziwa. Mphunzitsi wa ku Nsaru kapena mlangizi wa ku Kabudula sapita mumzinda wa Lilongwe tsiku ndi tsiku. Akapeza tsiku limodzi, amafuna kuligwiritsa ntchito mokwanira, ndipo amadzaza mafomu ku mabanki atatu kapena anayi poganiza kuti kwina kukakanika kwina kutheka. Nawo othandizira makampani obwereketsa ndalama zodula ku malipiro amayendera sukulu ndi zipatala ndi mafomu m'manja, ndipo ena amasayina pongofuna kumva kuti angapatsidwe zingati.

Kufunsa mitengo si kulakwa, ndipo munthu wanzeru amayerekeza chiwongoladzanja cha mabanki angapo asanasankhe. Kusiyana kuli pakati pa kufunsa ndi kupempha. Munthu ali ndi ufulu wofunsa chiwongoladzanja, zaka zobwezera, ndalama zolipiriratu ndi zolipira zina zonse popanda kusayina fomu iliyonse. Siginecha iyenera kupita pa fomu ya banki imodzi yomwe wasankha atamva zonse.

Tiyeneranso kunena kuti kufufuzidwa kamodzi kapena kawiri sikugwetsa pempho la munthu yemwe mbiri yake ndi yoyera. Kuchuluka kwa kufufuzidwa kumalemera kukakumana ndi zizindikiro zina, monga kuchedwa kubweza kapena malipiro omwe adadulidwa kale mbali zambiri.

Tingongole tomwe timatseka khomo lalikulu

Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo mawuwa akukwanira bwino pa nkhani ya ngongole zing'onozing'ono zomwe eni ake adaziiwala.

Gulu loyamba ndi la ngongole zodula ku malipiro. Ngongolezi zimabwezedwa bwino chifukwa ndalama imachotsedwa munthu asanaigwire, koma zimadya gawo la malipiro lomwe banki ikadawerengera ngongole ya nyumba. Banki imayang'ana zomwe zimatsala pa pepala la malipiro, osati zomwe zalembedwa pamwamba. Wogwira ntchito yemwe amaonjezera ngongole pamwamba pa inzake chaka ndi chaka akhoza kukhala ndi mbiri yopanda banga, komabe n'kukanidwa chifukwa palibe potsala podula.

Gulu lachiwiri ndi la ngongole za pafoni, monga ya Kutchova yomwe idadziwika ndi ogwiritsa ntchito Airtel Money. Poti zimatengedwa ndi chala, usiku kapena usana, popanda kuonana ndi munthu, ambiri saziona ngati ngongole zenizeni. Ena akalephera kubweza amangotaya nambala ya foniyo. Koma kuchokera pomwe nambala za foni zidayamba kulembetsedwa ndi chitupa cha unzika, kutaya nambala sikufufuta dzina. Ngongole ya K5,000 yomwe siidabwezedwe imauza banki zambiri za munthu yemwe akupempha K20 miliyoni.

Gulu lachitatu ndi la ngongole za maphunziro a ukachenjede. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lakhala likulondola omwe adaphunzira ndi ngongole za boma, ndipo lakhala likuchenjeza kuti ozemba lidzawapereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Aphunzitsi a sekondale ndi madotolo achinyamata omwe akuyamba kulingalira za nyumba ayenera kudziwa pomwe ngongole yawo yafika.

Gulu lachinayi ndi la ngongole za eni. M'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, munthu wapantchito ndiye amathamangiridwa mbale akafuna womuikira kumbuyo, kaya ndi ngongole ya zipangizo za fodya, ya mtedza kapena ya bizinesi. Kukana n'kovuta, makamaka kwa mwini mbumba. Koma mwalamulo woikira kumbuyo amalonjeza kubweza ngati mwini wake walephera, ndipo mvula ikavuta kapena mitengo ya fodya ikagwa ku okushoni ya Kanengo, ngongoleyo imagwera iye. Chimodzimodzinso ngongole za m'magulu, momwe kulephera kwa mmodzi kumakhudza onse.

Mbali inayo kuli anthu omwe sadatengepo ngongole kwa wobwereketsa wovomerezeka. Amayi ambiri a ku Mpingu ndi Nambuma abweza mokhulupirika ku banki mkhonde kwa zaka zambiri, koma mabuku a magulu otere safika ku mabungwe osunga mbiri. Lipoti la munthu wotere limatuluka lopanda kanthu. Kupanda mbiri si mbiri yoipa, koma sikupatsa banki poyambira. Apa mabungwe a SACCO, omwe amayendetsedwa ndi lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011, ndiwo njira yapafupi yoyambira mbiri yolembedwa.

Katapila nayenso saoneka m'lipoti, koma amaoneka m'mabuku a akaunti. Banki imafuna kuona momwe ndalama zayendera kwa miyezi ingapo, ndipo malipiro omwe amatapidwa onse tsiku lomwelo alowa, monga zimakhalira khadi la ATM likakhala m'manja mwa wakatapila, amadzinenera okha.

Phunziro la alimi a chigawo cha pakati

Kufunika kwa mbiri ya ngongole si nkhani yachilendo kwa anthu a dera lino. Makalabu a alimi a m'chigawo cha zaulimi cha Lilongwe adatchuka kwa zaka zambiri pobweza bwino ngongole za feteleza ndi mbewu. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chilala cha 1992 chitakumana ndi kusintha kwa ndale, ambiri adaleka kubweza, ndipo ndondomeko ya Smallholder Agricultural Credit Administration idagwa. M'malo mwake mudabwera kampani ya Malawi Rural Finance Company mu 1994. Alimi okhulupirika adavutika limodzi ndi ozemba chifukwa padalibe chowasiyanitsa.

Mu 2007 akatswiri atatu a zachuma, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, adachita kafukufuku pakati pa alimi a paprika a m'chigawo cha pakati omwe ankapempha ngongole ku kampaniyi. Ena mwa alimiwo adatengedwa zidindo za zala ndi kuuzidwa kuti mabwezedwe awo adzakumbukiridwa. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2012, zidaonetsa kuti alimi omwe ankaoneka kuti ali pachiopsezo chachikulu cholephera kubweza adasintha kwambiri: adatenga ngongole zocheperako ndipo adabweza bwino kuposa anzawo omwe sadatengedwe zidindo.

Izi zikutanthauza kuti mbiri ya ngongole cholinga chake si kulanga kokha. Imathandiza wobwereketsa kusiyanitsa anthu, ndipo pomwe anthu akusiyanitsidwa, wokhulupirika amakhala ndi poimira popempha chiwongoladzanja chotsikirapo.

Mtengo wa banga limodzi

Kulemera kwa nkhaniyi kumaoneka bwino tikayang'ana chiwongoladzanja. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023. Pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Kuyambira mu 2019, mabanki amawerengera ngongole kuchokera pa mlingo umodzi wofanana womwe umalengezedwa mwezi ndi mwezi, kenaka banki iliyonse imaonjezerapo gawo lake malinga ndi chiopsezo chomwe yaona mwa wobwereka.

Gawo loonjezerali ndi lomwe mbiri ya ngongole imakhudza. Mwachitsanzo chabe, munthu yemwe watenga K20 miliyoni yobweza m'zaka 15 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti amalipira pafupifupi K506,000 pamwezi. Banki ikaonjezera maperesenti awiri okha kaamba ka chikaiko, ndalamayo imafika pafupifupi K538,000. Kusiyana kwa K32,000 pamwezi kumakwana pafupifupi K5.8 miliyoni m'zaka 15.

Masamu omwewa akuonetsanso choonadi china chomwe sichiyenera kubisidwa. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera motere, ngongole ya nyumba ya zaka zambiri imakhala kutali ndi malipiro a ogwira ntchito ambiri a m'magiredi apansi, ngakhale mbiri yawo ikhale yoyera. Ichi n'chifukwa chake nyumba zambiri za pa Namitete, Msundwe ndi Nsaru zimamangidwa pang'onopang'ono: maziko chaka chino, khoma chaka chamawa, malata fodya kapena soya akagulidwa. Koma ngakhale womanga motere amadalira ngongole zazifupi zotsatizana, ndipo iliyonse imadutsa pa sefa yomweyo. Banga pa ngongole ya simenti likhoza kuimitsa ya malata, nyumba n'kukhala zaka ikunyowa ndi mvula.

Chikalata cha malo

Mbiri yoyera ndi theka chabe la zomwe banki imafuna. Ngongole ya nyumba imamangidwa pa chikole, ndipo chikolecho ndi malo omwe ali ndi chikalata cholembedwa m'kaundula wa boma, monga lizi. Kalata ya anyakwawa yotsimikiza kuti munthu adapatsidwa kapena adagula malo ndi yofunika pamudzi, koma banki siingalembetsepo chikole.

Dera la kumadzulo kwa Lilongwe lili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chidayamba mu 1968 ndi thandizo la World Bank, minda idayezedwa ndi kulembetsedwa potsata malamulo a za malo a 1967, m'ndondomeko yomwe idadziwika kuti ndunda. Malo ankalembedwa ngati a banja lonse, m'dzina la mtsogoleri woimira banjalo, ndipo kuwagulitsa kapena kuwapereka chikole kunkafuna chilolezo cha komiti yoona za malo. Chimodzi mwa ziyembekezo chidali chakuti zikalatazo zitsegula makomo a ngongole, koma zimenezi sizidachitike monga ankaganizira. Wobwereketsa sakanalanda munda womwe mbumba yonse imadyapo kaamba ka ngongole ya munthu mmodzi.

Phunziro lake n'lakuti chikalata cha malo pachokha sichibala ngongole, monganso mbiri yoyera payokha siingabale nyumba. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022, lidatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo a makolo kudzera m'makomiti a za malo otsogozedwa ndi magulupu. Komabe wofuna ngongole ayenera kufunsiratu ku banki mtundu wa chikalata chomwe imalandira, asanaononge ndalama. Ayeneranso kulingalira za mwambo. M'dera la Achewa momwe chikamwini ndi chitengwa zimayendera limodzi, funso lakuti malo omwe nyumba ikumangidwapo ndi a yani liyenera kuyankhidwa pamaso pa mbumba ndi ankhoswe njerwa isanayalidwe.

Mbiri ikalakwika

Mbiri ya ngongole imalembedwa ndi anthu, choncho ikhoza kulakwika. Ngongole yomwe idamalizidwa ikhoza kuonekabe ngati ilipo wobwereketsa akachedwa kutumiza uthenga. Nambala ya chitupa ikalembedwa molakwika, ngongole ya wina ikhoza kugwera pa dzina la wina. Palinso akathyali omwe amatenga ngongole ndi zitupa za eni.

Lamulo limapatsa munthu ufulu woona zomwe zalembedwa za iye ndi kutsutsa zomwe zili zolakwika. Dandaulo limayambira ku bungwe losunga mbiriyo ndi kwa wobwereketsa yemwe adatumiza uthengawo, ndipo likapanda kumveka limapita kwa mlembi wamkulu wa mabungwe a zachuma ku banki ya Reserve. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidalimbikitsanso ufulu wa nzika wofuna kuti uthenga wolakwika wokhudza iwo ukonzedwe. Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito, lamulo la National Credit Act la 2005 limapereka ufulu wofananawo.

Vuto n'lakuti ambiri amadziwa za cholakwika tsiku lomwe akanidwa, pomwe mwini malo kapena nyumba akudikira ndalama ndipo ogula ena ali pakhomo. Kukonza mbiri kumatenga nthawi. Kudziunika wekha si pempho la ngongole, choncho wofuna nyumba ayenera kupempha lipoti lake miyezi ingapo asanapite ku banki.

Udindo wa maofesi a boma

Gawo lina la mbiri ya wogwira ntchito m'boma sililembedwa ndi iye. Ndalama ikadulidwa pa malipiro koma n'kuchedwa kufika kwa wobwereketsa, mabuku a wobwereketsayo amaonetsa kuti wobwereka wachedwa, ngakhale kuti iye adalipira. Dzina la munthu likachoka molakwika pa mndandanda wa malipiro panthawi yosamutsidwa kapena ya kalembera wa ogwira ntchito, miyezi yomwe wakhala osalandira imasanduka miyezi yosabweza. Malipiro amadzabwera pambuyo pake, koma banga limatsala ngati palibe yemwe walemba kalata yofotokoza.

N'chifukwa chake alembi a nkhani za ogwira ntchito ndi owerengera ndalama m'maunduna ndi m'makhonsolo ayenera kuona kutumiza msanga ndalama zodulidwa ngati gawo la kusamalira wogwira ntchito. Pomwe kuchedwa kwachitika kaamba ka ofesi, ndi bwino wokhudzidwayo apatsidwe kalata yotsimikiza zimenezo kuti akaipereke kwa wobwereketsa. Kalata zotsimikiza kuti munthu ali pantchito yokhazikika, zomwe mabanki amafuna, zisamachedwenso m'madesiki.

Akuluakulu oyang'anira sukulu, zipatala ndi maofesi a zaulimi ali ndi mwayi wofikira anthu omwe mauthenga a mabanki sawafika. Misonkhano ya aphunzitsi m'mazoni, komanso maphunziro a achinyamata pa sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete, omwe ambiri adzayamba moyo wawo wantchito ndi ngongole ya zipangizo, ndi malo oyenera kufotokozerapo nkhaniyi. Maofesi a za malo nawo akafulumiza kuyeza ndi kulembetsa mapuloti a m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji, adzakhala atachotsa theka lina la chopingacho.

Kwa wogwira ntchito mwini wake, ntchito imayamba chaka chathunthu pempho lisanalembedwe. Apemphe lipoti lake ndi kuliwerenga mzere ndi mzere. Amalize tingongole ting'onoting'ono ndi kusunga makalata otsimikiza kuti adamaliza. Afufuze momwe ngongole zomwe adaikira kumbuyo abale zikuyendera. Aleke kusayina mafomu ongoyesera, ndipo malipiro ake azidutsa mu akaunti imodzi yomwe ikuonetsa kuti pamatsala kanthu. Akatero, tsiku lomwe adzakwere minibasi pa Namitete kupita ku banki, adzakhala akudziwa kale zomwe wounika pempho lake akaone pa kompyuta.